Mapu a M'mutu ndi Misewu Yozungulira

Pa Mangochi Turn-off, kamtunda pang'ono kuchokera pa mlatho wa Liwonde, phokoso limayamba dzuwa lisanatuluke. Oyitanira amapikisana kukuwa mayina a malo, uyu Balaka-Ntcheu, uyo Ulongwe-Mangochi, winayo Zomba-Limbe. Akabaza amandanda m'mbali mwa msewu, ogulitsa nsomba ndi chimanga chootcha amathamangira galimoto iliyonse imene yaima. Munthu wa komweko sachedwapo. Amangoona kumene minibasi yaloza, basi wadziwa ngati ndi yake kapena ayi. Mlendo ndiye amaima ndi chikwama m'manja, n'kumatembenukira uku ndi uku, poti misewu itatu imene yakumana pamenepa yonse ndi ya phula ndipo yonse ikutuluka magalimoto odzaza anthu.

Chimene wa komwekoyo ali nacho, chomwe mlendo alibe, ndi mapu. Si mapu a papepala ayi, koma chithunzi cha dera chimene ubongo wake wakhala ukumanga kuyambira ali wamng'ono, chomuuza kuti chakuti chili uku, chakuti chili uko, ndipo iye waima pakati pa ziwirizi. Akatswiri amachitcha mapu a m'mutu. Aliyense ali nawo, kungoti ena ndi athunthu, ena ndi ong'ambika, ndipo pali mtundu umodzi wa msewu umene umayesa mapuwa kuposa ina yonse: msewu wozungulira.

Magawo atatu odziwira dera

Mu 1975 akatswiri awiri a ku America, Alexander Siegel ndi Sheldon White, adalongosola kuti munthu amadziwa dera m'magawo atatu. Gawo loyamba ndi la zizindikiro. Mwana amadziwa mlambe waukulu wa pamphambano, mjigo, chigayo, mzikiti wa penti yobiriwira. Akaziona amazizindikira, koma sangafotokoze kuti kuchoka pa ichi kufika pa icho amayenda bwanji.

Gawo lachiwiri ndi la njira. Apa zizindikiro zija zalumikizana, china kutsogolo china pambuyo. Wochoka ku Balaka kupita ku Liwonde amadziwa kuti adutsa pa Chiyendausiku, kenako pa Mangochi Turn-off, kenako awoloka Shire. Anthu ambiri amakhala moyo wawo wonse ndi nzeru ya gawo limeneli, ndipo imawakwanira masiku onse amene zinthu zili bwinobwino. Vuto lake ndi lakuti chizindikiro chimodzi chikasowa, njira yonse imaduka. Mlambe uja ukagwa, mdima ukagwa msanga, kapena madzi akakokolola kamlatho n'kukakamiza dalaivala kulowera kwina, munthu wodziwa njira yokhayo amasanduka mlendo m'dera lake lomwe.

Gawo lachitatu ndilo mapu enieni. Amene wafika apa amadziwa mmene malo akhalirana, ngakhale malo amene sadayendepo kuchoka pa ena kupita pa ena. Akhoza kuima pamsika n'kuloza ndi chala kumene kuli mudzi wina wosaoneka, osati kumene msewu wopita kumeneko wayambira, koma kumene mudziwo uli. Akhoza kudula njira yachidule imene palibe adamuonetsa. Kafukufuku wa pambuyo pake adapeza kuti magawowa sabwera motsatana ndendende mwa munthu aliyense: ena amagwira mapu athunthu pa ulendo woyamba womwe, ena amayenda njira imodzi zaka zambiri osawagwira. Komabe kusiyana kwa kudziwa njira ndi kudziwa dera n'koona, ndipo ndi pamene pagona nkhani yonseyi.

Mtsinje umodzi, maboma awiri

Wofuna kumanga mapu a Machinga ndi Balaka ayenera kuyamba ndi chinthu chachitali chimene sichisuntha, ndipo m'dera lino chinthucho ndi Shire. Mtsinjewu umatuluka m'nyanja ya Malawi kumpoto kwa tawuni ya Mangochi, n'kulowa m'nyanja ya Malombe, n'kutulukanso kutsikira kumwera kudzera pa Liwonde, ulendo wa ku Matope mpaka kukathira mu Zambezi. M'chigawo chino madzi ake amachoka kumpoto kupita kumwera. Choncho munthu woima pa mlatho wa Liwonde, atayang'ana kumene madzi akupita, kumanzere kwake ndi kum'mawa, ku Machinga, ndipo kumanja kwake ndi kumadzulo, ku Balaka.

Maboma awiriwa adali limodzi mpaka 1998, pamene Balaka lidapatulidwa ku Machinga, ndipo Machinga lomwelo kale linkatchedwa Kasupe. Mayina amasokonezabe alendo mpaka lero. Wouzidwa kuti m'bale wake wagonekedwa pa chipatala chachikulu cha boma la Machinga akatsikira pa Machinga boma ndiye kuti wapitirira kapena sadafike, chifukwa chipatalacho chili m'tawuni ya Liwonde.

Pa msana wa Shire umenewu pamabwera misewu. Misewu ikuluikulu ya m'Malawi ili ndi manambala oyamba ndi chilembo M. Msewu wa M1, umene umayenda dziko lonse kuchokera ku Karonga mpaka ku Nsanje, umadutsa kumadzulo kwa Balaka, pa Chingeni ndi pa Phalula. Pa Chingeni, pamene padamangidwa geti yolipirirapo magalimoto mu 2021, pamapatuka M8 wolowera kum'mawa kudzera m'tawuni ya Balaka mpaka pa Mangochi Turn-off. Kufupi ndi komweko kumayambiranso M5, wa m'mbali mwa nyanja, wopita ku Salima ndi Nkhotakota. Ndiye pali M3, wochokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi Machinga boma, amene amawoloka Shire pa Kamuzu Barrage, chotchinga madzi chimene chidamangidwa mu 1965.

Njanji nayo imajambula mizere yake. Yochokera ku Blantyre imakwera kumpoto kudzera pa Nkaya ndi Balaka, ndipo idafika ku Salima mu 1935. Mu 1970 padatsegulidwa nthambi yochoka pa Nkaya kulowera kum'mawa, makilomita pafupifupi 100, kuwoloka Shire pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, pamene imalowera m'Mozambique ulendo wa ku doko la Nacala. Mtsinje woima chilili, njanji yopingasa: mizere iwiri yokhayi imagawa dera lonse m'zigawo zinayi, ndipo mudzi uliwonse uli m'chimodzi mwa izo.

Msewu umene umabwerera pamene udayambira

Ku Machinga ndi Balaka kulibe mzinda waukulu wozunguliridwa ndi msewu monga zilili m'maiko ena. Koma misewu yozungulira ilipo, iwiri, kungoti ndi yaikulu kwambiri mwakuti oyendamo sazindikira kuti akuzungulira.

Woyamba umayambira pa Liwonde. Galimoto ikawoloka mlatho n'kukhotera kumanja pa Mangochi Turn-off, imalunjika kumpoto kudzera pa Ulongwe, makilomita pafupifupi 75 mpaka ku Mangochi, nyanja ya Malombe ili kudzanja lamanja. Ku Mangochi msewu womwewo wa M3 umawolokanso Shire kachiwiri, tsopano kulowera kum'mawa, n'kukwera mapiri mpaka ku Namwera ndi ku Chiponde, m'malire a Mozambique. Cha kumeneko umakumana ndi msewu wa Bakili Muluzi, umene umatsikira kumwera kudzera pa Nselema, Ntaja ndi Nsanama, n'kudzatulukira m'tawuni ya Liwonde momwe muja. Dalaivala sadabwerere m'mbuyo paliponse, koma wayang'ana kumpoto, kum'mawa, kumwera ndi kumadzulo, ndipo wafika pamene adanyamukira. Mkati mwa bwalo limeneli mwatsala nyanja ya Malombe, chigawo cha Shire ndi nkhalango ya Liwonde National Park.

Bwaloli limapusitsa chala. Munthu wa pa Ulongwe akafunsidwa kumene kuli Ntaja, n'kosavuta kuti aloze kumwera, chifukwa ndiko kumalowera minibasi imene angakwere: apite kaye ku Liwonde, awoloke, akwere ina. Chonsecho Ntaja ili kotulukira dzuwa, pafupifupi moyang'anizana ndi Ulongwe, tsidya lina la mtsinje ndi nkhalango. Njovu ndi mvuu za pakatipo ndizo zimachititsa kuti ulendo wa kum'mawa uyambe ndi kupita kumwera. Amene waloza kumwera sadaname, wayankha ndi nzeru ya njira. Amene waloza kum'mawa wayankha ndi mapu.

Bwalo lachiwiri lili kumwera. Limachoka ku Balaka kudzera ku Liwonde, Machinga, Malosa, Zomba ndi Limbe mpaka ku Blantyre, n'kubwerera pa M1 kudzera ku Lunzu, Zalewa, Phalula ndi Chingeni. Nalonso limawoloka Shire kawiri, pa Liwonde ndi pa Zalewa. N'chifukwa chake ku Balaka magalimoto awiri akhoza kunyamuka atafulatirana, ina kuloza kum'mawa ina kumadzulo, onse akuitanira anthu a ku Blantyre, ndipo palibe kondakitala amene akunamiza munthu. Blantyre weniweniyo ali kumwera kwa Balaka, kumene palibe mwa awiriwa amene waloza ponyamuka. Funso loyenera pa siteji yotere si lakuti galimoto ikupita kuti, koma lakuti ikudzera kuti: ya Zalewa kapena ya Zomba?

Apa ndi pamene mawu oti kumpoto ndi kumwera amaperewera. Pa msewu wowongoka, wopita kumpoto amapitabe kumpoto mpaka kufika. Pa msewu wozungulira mbali imasintha mwakachetechete pamene wokwera akucheza kapena kusinza. Chimene sichisintha n'chimodzi chokha: dzanja limene kuli pakati pa bwalo. Wochoka ku Liwonde kudzera ku Ulongwe amakhala ndi nkhalango kumanja ulendo wonse, ali pa Ulongwe, ali pa Namwera, ngakhale ali pa Ntaja. Wozungulira mbali inayo amakhala nayo kumanzere ulendo wonse. Pa bwalo lachiwiri, wochoka ku Liwonde kupita ku Zomba amaona mapiri a Malosa ndi Zomba kumanja, ndipo akapitiriza kuzungulira mpaka kudzera ku Zalewa, mapiriwo amakhalabe kumanja, ngakhale tsopano akuwaona patali.

Zili ngati gudumu la njinga: msewu wozungulira ndi rimu, misewu yolowa mkati ndi masipoko, ndipo paliponse pamene munthu waima pa rimu, habu ili mbali imodzi yomweyo malinga ngati sadatembenuke.

Mmene mizinda ikuluikulu imachitira

Mizinda imamanga misewu yozungulira dala, kuti magalimoto ongodutsa asadzazane pakati pa tawuni. Ku Lilongwe kuli chidutswa cha msewu wotere, Western Bypass, wa makilomita pafupifupi 13, umene umachoka pa M1 pa mphambano ya ku Bunda n'kukatulukira pa msewu wa ku Mchinji. Dalaivala wa thiraki yochokera ku Balaka kupita ku Zambia amaulambalala mzinda osalowa pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe wa pakati pa tawuni.

Bwalo lathunthu limene Amalawi ambiri amalidziwa ndi la ku Johannesburg, kumene anyamata a ku Machinga, Mangochi ndi Balaka akhala akupita kukasaka ntchito kwa zaka zambiri. Kumeneko misewu itatu imagwirana manja n'kuzungulira mzinda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80: N1 kumadzulo, N3 kum'mawa, N12 kumwera. A ku Johannesburg nawonso ali ndi M1 wawo, wodutsa pakati pa bwalolo kulowa mumzinda. Chimene chimazunguza mlendo ndi zikwangwani. Wofuna kupita dera loyandikira amakumana ndi chikwangwani cholembedwa Pretoria mbali ina, Bloemfontein kapena Durban mbali inayo, mizinda imene iye alibe nayo ntchito. Mayinawo sakunena kuti galimoto ikafika kumeneko, akungosonyeza mbali imene msewu waloza. Ayenera kudziwiratu kuti Pretoria ali kumpoto, Durban kumwera chakum'mawa, Bloemfontein kumwera chakumadzulo, kenako n'kudzifunsa kuti kumene akupitako kuli mbali ya mzinda uti. Nzeru yake ndi yomwe ija ya munthu wopita ku Ulongwe amene amakwera galimoto yoitanira Mangochi.

Ku London msewu wa M25, wa makilomita 188, udamalizidwa mu 1986, ndipo olengeza za pamsewu pa wailesi satchula kumpoto kapena kumwera. Amati ngozi yachitika mbali yoyenda motsata mivi ya wotchi, kapena mbali yotsutsana nayo. Ku Paris, pa msewu wa makilomita 35 umene udamalizidwa mu 1973, amagwiritsa ntchito mawu ena: mbali ya mkati ndi mbali ya kunja. Zonsezi ndi njira zonenera chinthu chija, kuti pakati pa bwalo pali dzanja liti. Woyendetsa galimoto m'Malawi amazichita kale pa raundabauti iliyonse, pamene kachilumba ka pakati kamakhala kumanja kwake kuyambira polowa mpaka potuluka. Ndipo poti kuno, monganso ku South Africa ndi ku Britain, magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu, woyenda motsata mivi ya wotchi amakhala mbali ya kunja kwa bwalo. Ku France, kumene amayenda kumanja, zimatembenuka.

Zimene zimachitika mu ubongo

Mawu oti mapu a m'mutu adatchuka ndi Edward Tolman wa ku Berkeley, ku America, mu 1948. Iye ankaphunzitsa makoswe njira yokhotakhota yofikira pa chakudya. Atatseka njira yozolowekayo n'kutsegula zina zambiri, makoswe ochuluka adasankha njira yoloza kumene kudali chakudya, ngakhale adali asadayendemo. Tolman adati nyamazi sizidangoloweza kukhota kumanja ndi kumanzere, zidasunga chithunzi cha malo.

Pamene chithunzicho chimakhala padapezeka pambuyo pake. Mu 1971 John O'Keefe, ku London, adapeza kuti m'kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, kamene kali mkatikati mwa mutu molunjika ndi makutu, muli timaselo timene timagwira ntchito pokhapokha khoswe akafika pamalo ena ake. Akasuntha, tina timayamba, toyamba tija timaleka. Mu 2005 May-Britt Moser ndi Edvard Moser a ku Norway adapeza timaselo tina, pafupi pomwepo, toyeza mtunda umene nyama yayenda. Atatuwa adalandira mphoto ya Nobel mu 2014.

Chosangalatsa kwambiri ndi chakuti kachigawoka kamakula ndi ntchito. Oyendetsa matakisi akuda a ku London salandira chiphaso asadaloweze misewu pafupifupi 25,000, maphunziro amene amatenga zaka zitatu kapena zinayi. Mu 2000 Eleanor Maguire ndi anzake adajambula ubongo wa madalaivala amenewa, n'kupeza kuti mbali ya kumbuyo ya hippocampus yawo idali yaikulu kuposa ya anthu ena, ndipo idali yaikulu koposa mwa amene adagwira ntchitoyo zaka zambiri. Kudziwa dera, tsono, si mphatso yobadwa nayo yokha. Wakabaza wa ku Balaka amene amadziwa tinjira tonse topita ku Utale, ndi timene timadutsika dzinja ndi timene timafuna chilimwe, luso lake ndi la mtundu womwewo ndipo adalipeza mwa njira yomweyo, poyenda ndi kusokera ndi kuyendanso. Liyenera ulemu woposa umene limalandira.

Pamene mapu a m'mutu amanama

Ubongo umakonda kuwongola zokhota ndi kusanja zinthu m'magulu, ndipo pochita zimenezi umalakwitsa. Mwana wa sukulu amaphunzira kuti Malawi ali ndi zigawo zitatu, cha kumpoto, cha pakati ndi cha kumwera, zosanjikizana. Akakula amaganiza kuti malo aliwonse a chigawo cha kumwera ali kumwera kwa malo aliwonse a chigawo cha pakati. Koma tawuni ya Mangochi, ya chigawo cha kumwera, ili kumpoto kuposa Ntcheu boma. Monkey Bay ali kumpoto kuposa Dedza boma, ndipo Makanjira ali kumpoto kuposa mzinda wa Lilongwe. Akatswiri awiri, Albert Stevens ndi Patty Coupe, adaonetsa kulakwitsa kwa mtundu womwewu mu 1978 pa mizinda ya ku America: anthu amakumbukira kumene kuli chigawo chonse, n'kumaganizira malo ang'onoang'ono kuchokera pamenepo.

Kusanja m'magulu kumathandizanso. Munthu wakumudzi akamanena kwawo amatchula mudzi, gulupu, mfumu yaikulu, kenako boma: kwa Kalembo kapena kwa Nsamala ku Balaka, kwa Kawinga, kwa Nyambi kapena kwa Chikweo ku Machinga. Amenewo ndi mapu a mabwalo olowana, ndipo wodziwa kumene kuli dera la mfumu yaikulu wadula kale gawo lalikulu la ntchito yofufuza.

Bodza lina ndi la miyendo. Mu 2009 Jan Souman ndi anzake a ku Germany adauza anthu kuti ayende molunjika kwa maola angapo m'nkhalango yaikulu. Amene adayenda dzuwa likuoneka adayenda mowongoka ndithu. Amene adayenda kuli mitambo adazungulira, ena mpaka kudutsa pamene adadutsa kale osazindikira. Zolakwika zazing'ono za phazi lililonse zimaunjikana ngati palibe chinthu chakutali chowongolera. Asodzi a pa Chilwa, kuphatikizapo okhala m'zimbowera pakati pa madzi ndi mabango, amachidziwa chimenechi, ndipo ali nazo zowawongolera: mapiri a Chikala, phiri la Zomba kumadzulo, chilumba cha Chisi, ndi Mulanje kumwera kukakhala kowala.

Dzuwa, mphepo ndi khoma la mzikiti

Aliyense amadziwa kuti dzuwa limatuluka kum'mawa n'kulowa kumadzulo, koma ochepa amaona kuti silitulukira pamalo amodzi chaka chonse. M'mwezi wa June limatulukira chakumpoto kwa kum'mawa, mu December chakumwera. Kum'mawa kwenikweni limatulukira cha pa 21 March ndi pa 23 September.

Masana nkhani imavutirapo. Balaka ndi Liwonde ali pa madigiri pafupifupi 15 kumwera kwa mzere wogawa dziko pakati, wotchedwa ikweta. Pa chifukwa chimenechi dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, kumayambiriro kwa November ndi kumayambiriro kwa February. Kuyambira February mpaka October, dzuwa la masana limapendekera kumpoto ndipo chithunzithunzi cha munthu chimaloza kumwera. M'miyezi itatu ya pakati pa November ndi February limapendekera kumwera, chithunzithunzi n'kuloza kumpoto. Lamulo lolembedwa m'mabuku a ku Ulaya, lakuti dzuwa la masana limakhala kumwera nthawi zonse, likhoza kusokeretsa munthu kuno miyezi isanu ndi inayi pa chaka.

Mphepo nazo ndi kampasi ya makolo. Mwera amawomba kuchokera kumwera m'nyengo yozizira, n'kuutsa mafunde pa Malombe ndi pa Chilwa, pamene mpoto amabwera kuchokera mbali inayo nyengo ya mvula ikamayandikira. Vuma ndi wa kum'mawa, zambwe wa kumadzulo. Msodzi wodziwa nyengo amamva pakhungu mbali imene wayang'ana ngakhale usiku wa mitambo.

M'midzi ya Machinga, Mangochi ndi mbali zambiri za Balaka muli kampasi ina imene alendo ambiri amaidutsa osaiona. Mzikiti uliwonse umamangidwa moti opemphera ayang'ane ku chibula, mbali imene kuli Makka. Kuchokera m'dera lino Makka ali kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa ndi madigiri pafupifupi 7. Kachipinda kotulukira kunja pa khoma la kutsogolo kwa mzikiti, pamene amaima wotsogolera mapemphero, kamaloza kumpoto, dzuwa liwale kapena lisawale. Mbale za kanema pa madenga nazo zimayang'ana mbali ya kumpoto ya thambo, ina mopendekera kum'mawa ina kumadzulo, chifukwa masetilaiti ake amakhala pamwamba pa ikweta.

Foni, ndi luso lofunsa njira

Masiku ano foni ya intaneti imaonetsa kadontho pamene munthu waima, n'kumuuza pokhota. Ndi chida chabwino, makamaka kwa amene wangofika kumene ku Johannesburg kapena ku Lilongwe. Koma chili ndi mtengo wake. Mu 2017 ofufuza a ku University College London, motsogozedwa ndi Hugo Spiers, adapeza kuti anthu akamadzisankhira okha njira, hippocampus imagwira ntchito kwambiri pofika pa mphambano za njira zambiri, koma akamangotsatira malangizo ouzidwa, siichita zimenezo. Wotsogozedwa ndi foni amafika, koma mapu a m'mutu samangika. Komanso foni siidziwa kuti msewu wafumbi umene ikuonetsa wasanduka matope mu January, kapena kuti kamlatho kadapita ndi madzi, monga zidachitikira m'madera ambiri a chigawo cha kumwera pa namondwe wa Freddy mu March 2023. Phindu lalikulu la foni lili poitsegula ulendo usanayambe, kuchepetsa mapu mpaka dera lonse lioneke, kumpoto kuli pamwamba, n'kuona kaye kumene kuli mtsinje, njanji ndi misewu ikuluikulu.

Kufunsa anthu sikudzatha ntchito, poti safunsa adadya phula. Koma mayankho a kumudzi ali ndi chinenero chawo. "Ndi pompano" wa munthu wozolowera kuyenda pansi akhoza kukhala ola lathunthu, choncho n'kwanzeru kufunsa kuti wakabaza amalipiritsa zingati kufika kumeneko, kapena kuti wonyamuka dzuwa likutuluka amafika lili pati. Kumanja ndi kumanzere kumadalira kumene wolankhulayo wayang'ana, pamene kumtunda ndi kumunsi, tsidya lino ndi tsidya lija, sizisintha munthu akatembenuka.

Wouza mnzake njira amamuthandiza kwambiri akayamba ndi chithunzi chachikulu, kenako zizindikiro, n'kumalizira ndi chomudziwitsa kuti wasokera. Kwa mlendo wochoka ku Balaka kupita ku Ntaja, malangizo otere angamveke chonchi: "Achimwene, Ntaja ili tsidya lija la Shire, kum'mawa chakumpoto. Mukwere ya Liwonde. Pa Mangochi Turn-off musatsike, muwoloke kaye mlatho. Mukalowa m'tawuni, msewu wa Ntaja upatukira kumanzere, ndipo mudutsa pa Nsanama musanafike. Mukaona kuti mwafika pa Machinga boma, dziwani kuti mwatenga wa ku Zomba, mutsike mubwerere ku Liwonde."